Makina a Alamu Anga a Mfuko

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, dzina lawo lenileni limangodziwika pa chiphaso. Tonse timawatchula kuti a Mfuko, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ntchito yawo inali yokumba ndi piki ndi fosholo: maenje a zimbudzi, maziko a nyumba, ngalande za mapaipi, mwa apo ndi apo zitsime. Ukapita kukawafuna kuntchito sunkaona munthu. Unkangoona dothi likuuluka kuchokera m'dzenje, kenako mawu akuti, "Ndani ameneyo? Tandiponyerani botolo la madzilo." Zikhatho zawo zinali ngati chikopa chouma. Ine ndine telala, ndipo tsiku lina nditawapatsa singano kuti andigwirireko, inagwa pansi iwo akadatsinabe zala, osadziwa kuti atsina mphepo.

Umene unawauza kuti basi ndi msana. Anayamba kudzuka atapindika ngati chikwakwa, achemwali n'kumawathowa ndi madzi otentha asanapite kuntchito. Ndiye chaka chatha anagulitsa puloti imene ankasungira ukalamba, n'kuphatikiza ndi zimene anasunga zaka zonsezi, n'kukagula makina okumbira aang'ono, atsopano, pulasitiki ikadali pampando.

Makinawo anabwera palole Loweruka masana, ndipo msewu wonse unatuluka kudzaona. Anali achikasu, opyapyala moti analowa pageti osakhudza zipilala. Anali ndi mkono umodzi wokhala ndi chidebe cha mano kunsonga, chikhasu chosalazira kutsogolo, ndipo pansi, m'malo mwa matayala, malamba awiri a labala. Mayi wogulitsa makala pakona anawazungulira kawiri manja ali m'chiuno.

"Koma a Mfuko, mwagula mwana wake? Amake mwawasiya kuti?"

"Akula, mayi," anayankha alamu. "Tizimudyetsa bwino."

Ogulitsa anatumiza makaniko wawo, mayi wamfupi wa ovolosi yabuluu, kuti awaphunzitse masiku atatu. Apa ndi pamene mphamvu zinawapusitsa a Mfuko. Makina amenewa amawongoleredwa ndi timitengo tiwiri tofuna zala zofatsa, koma iwo ankatikankha ngati akuzula chitsa.

"Bambo, gwirani ngati mwagwira dzira," anatero makaniko.

Alamu anavomera, n'kukankhanso. Mkono wa makina unazungulira, chidebe n'kukola chingwe choyanikira zovala n'kuchikweza m'mwamba, masiketi a achemwali akulendewera pamwamba pa mpanda, msewu wonse ukuona. Achemwali anatuluka m'khitchini, anayang'ana kumwamba, n'kunena mofatsa, "Abambo, zikauma munditsitsire."

Pofika tsiku lachitatu anali atayamba kukumba mzere wowongoka. Makaniko pochoka anawasiyira pampu ya girizi, masipanala ndi buku la malangizo lonenepa ngati njerwa. Koma a Mfuko sukulu anailekeza ali aang'ono, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimawavina m'maso. Choncho Lamlungu lililonse akatha kudya masana, achemwali ankavala mandala n'kukhala pakhonde kumawawerengera, tsamba ndi tsamba, uku akudandaula kuti sanakwatiwe kuti akhale mphunzitsi wa zitsulo.

Kusamala ndiye ankasamala, musanene. M'mawa uliwonse asanalize injini ankazungulira makinawo ndi kansalu paphewa. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukapenda padzuwa, kusuzumira madzi oziziritsa injini, kugogoda sefa ya mpweya kuti fumbi lichoke. Kenako ankagwada ndi pampu ija, kupopera girizi polumikizira paliponse pa mkono mpaka wakale wakuda atuluke. Akaweruka ankatsuka matope onse, ngakhale a pakati pa mano a chidebe, n'kuwafunditsa lona. Dizilo ankathira kudzera pansalu yoyera. Ine nditangotsamira chitseko cha makinawo tsiku lina, anandichotsa ngati nkhuku yakwera patebulo.

"Mlamu, thukuta lili ndi mchere. Limadya penti."

Achemwali anawapatsa makinawo dzina lakuti mkazi mnzanga. "Ine zaka makumi atatu sanandiguliremo ngakhale botolo la mafuta odzola," ankatero, "koma mnzangayu amadzozedwa m'mawa uliwonse, ndipo amachita kumugwadira."

Ntchito zinabwera zambiri, makamaka za m'mapuloti opanikizika mmene makina aakulu sangalowe. Dzenje limene kale linkawatengera sabata ankalimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Anzawo awiri amene ankakumba nawo kale sanawataye, ankawatenga kuti azikasalaza m'makona mmene chidebe sichifika.

Tsiku lina mvula itagwa masiku awiri otsatizana, anapita kukakumba maziko kwa aphunzitsi ena opuma, pamalo otsetsereka a miyala. Cha m'ma leveni foni yanga inalira ndili pamakina osokera. Mawu a alamu anali ngati a munthu wolengeza zovuta.

"Mlamu, wathyoka mwendo."

"Ndani?"

"Makinawa. Lamba wavuka. Ndaimbira makaniko uja, akuti ali kutali, abwera Lachisanu."

Ndinathamangira kwawo kukawauza achemwali. Iwo sanafunse zambiri. Anaphula poto pamoto, anatenga buku lija ndi mandala, n'kukwera kumbuyo kwa njinga yanga yamoto.

Tinawapeza a Mfuko atakhala pamulu wa dothi, manja ali m'masaya. Makina anali atapendekeka m'matope, lamba wakumanzere atachoka pa gudumu lakutsogolo n'kumalendewera ngati lilime la ng'ombe. Aphunzitsi aja anali ataima pambali ndi ambulera, akupereka malangizo amene palibe ankawamvera.

Achemwali anagwada, anayang'ana, anatsegula buku osafufuza n'komwe tsamba.

"Abambo, lamba ameneyu munamuyeza liti kulimba kwake?"

"Amayezedwanso?"

"Sabata iliyonse. Ndinakuwerengerani. Ndi tsiku lija munagona pakamwa pali yasa, ine n'kumawerengera nkhuku."

Anzawo a alamu awiri aja anatembenukira kumbali mapewa akugwedera ndi kuseka. Achemwali anakwinya malaya m'mikono n'kuyamba kulamula. Anawauza alamu kuti atsegule kachitseko ka m'mbali mwa lamba, amasule pang'ono chabe nati ili mkatimo, nkhope aiike kutali chifukwa girizi amatuluka mwaukali. Girizi atatuluka, gudumu lakutsogolo linabwerera m'mbuyo, lamba n'kukhwepa. Kenako a Mfuko anakwera, anatembenuzira mkono kumbali, n'kukanikiza chidebe pansi mpaka mbali yonse yakumanzere inanyamuka m'mwamba. Anzawo awiri anakoleka lamba pa gudumu la mano lakumbuyo, n'kumupana ndi chitsulo chachitali kutsogolo, alamu akuyendetsa pang'onopang'ono. Koyamba anapulumuka. Kachiwiri ine ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope ndi buluku langa losita. Kachitatu tinangomva kuti khu! Lamba wakhala m'malo mwake.

"Mangani nati, popani girizi," anatero achemwali. Analowetsa zala pansi pa lamba kuyeza kulendewera kwake, anayang'ana m'buku, n'kuti, "Kawiri kena. Basi, pomwepo."

A Mfuko anatsitsa makina, anayenda kutsogolo, anabwerera m'mbuyo, anazungulira pamalo amodzi. Kenako anazimitsa injini, anadumpha pansi, n'kuwanyamula achemwali juu, munthu yemwe uja ankalephera kuwerama kuti amange nsapato.

"Nditsitseni, pali anthu!" anakuwa achemwali, akuwamenya ndi buku pamutu, koma akuseka mpaka mandala anagwa.

Aphunzitsi aja anapinda ambulera n'kunena kuti pa zaka zonse zimene anaphunzitsa, aka kanali koyamba kuona wophunzira wogona m'kalasi akupulumutsidwa ndi mphunzitsi wake yemwe.

Kuyambira pamenepo ntchito anagawana. Oyilo, girizi ndi kutsuka ndi za a Mfuko. Malamba, mabawuti a mano a chidebe ndi masiku osinthira masefa ndi za achemwali, ndipo Loweruka m'mawa mumawapeza onse awiri atagwada pambali pa makinawo akutsutsana. Anandiuza kuti ndiwasokere maovolosi awiri ofanana. Powayeza alamu ndinapeza kuti m'chiuno mwawonjezeka mainchesi anayi, ndipo nditawauza anati tepi yanga ndi imene yafupika.

Mwezi wathawu achemwali anakwera pampando koyamba. Kuseri kwa nyumba yawo kumadikha madzi, ndiye anati ngalande yake akumba okha. Alamu anaima patsogolo akukupiza manja, "Kumanja, mayi, kumanja!" Achemwali anangotseka chitseko kuti asawamve. Ngalandeyo inatuluka yokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera, koma madzi akuyenda bwinobwino mpaka kumsewu. Ndinawafunsa alamu ngati aiwongole. Anakana kwamtuwagalu. Anaijambula pafoni, ndipo aliyense wobwera kudzawapatsa ntchito amayamba waona kaye chithunzicho asanakambe za dzenje lake.