Mizere Itatu pa Chiliza Chanu

Achemwali, chaka chakwana chichokereni inu, ndipo pakhomo pano pavuta chifukwa cha chiliza chanu. Amalume akufuna tilembepo ndime yaitali yotamanda uphunzitsi wanu. Ine ndamuuza kale mmisiri kuti azokotepo haiku yanu ija, kandakatulo ka mizere itatu kamene munapeka m'Chingerezi potsata kalembedwe ka ku Japan. Amalume akuti anthu adzatiseka, adzati mawu anatithera. Aseke.

Iwowo kunalibe tsiku lija tikuwokera mpunga ku Bua. Munaima m'matope n'kumawerenga maphatikizo ndi zala, kenako munandilakatulira: kakowa waima ndi mwendo umodzi, madzi adzaza pamene panaponda phazi, mtambo wagona momwemo. Ndinadikira kuti mupitirize ngati alakatuli a pamsonkhano, koma munati mwamaliza. Nditakukakamizani kuti mufotokozeko tanthauzo lake, munaseka n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, ndikawonjezera liwu limodzi, kakowayo auluka." Ndiye amalume akwiye mmene angathere, ine sindiwonjezera kanthu. Imfa inandilanda inu, koma kakowa wanu sindilola kuti munthu amuulutse.