Mpira umene unagunda Callum

Fungo la udzu wongotchetcha kumene limandikumbutsabe chilimwe chimenecho. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndi amayi tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Hillfields, mu Coventry, pamwamba pa shopu. Makoma ankanunkha chinyontho ndi anyezi wokazinga. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. M'mawa uliwonse, akumanga nsapato pakhomo, ankanena mawu omwewo: "Kuno si kwathu. Ukadzangovulaza mwana wa munthu, mapepala athu okhalira kuno atha."

Sukulu inandikanika. Chimene ndinkatha ndi kugenda, poti kwathu ku Dowa ndinakulira kuingitsa mbalame m'munda. Bambo wina dzina lake Dennis, kochi wa timu ya ana ya baseball, anandipeza ku paki ndikugenda chitini. Anandipatsa mpira woyera, wolimba ngati mwala, wosokedwa ndi ulusi wofiira, n'kundiimika pakachulu pakati pa bwalo. Ntchito yanga inali kuponya kuti womenya ndi chibonga aphonye. Anandiphunzitsa kugwira ulusiwo ndi zala ziwiri, kukweza bondo, ndi kuponya mkati, pafupi ndi thupi la womenyayo, kuti asamasuke. Anati chilimwe chikamatha kudzabwera munthu wosankha anyamata opita ku kampu ya masewerawa ku Birmingham. Ena ochokera kumeneko, anati, amakafika mpaka ku matimu ang'onoang'ono a ku Amerika.

Loweruka lina mpira unandipulumuka. Unagunda Callum, mnyamata wa timu ina, pachisoti pafupi ndi khutu. Zinamveka ngati mphika wasweka. Anagwa. Bambo ake anathamangira m'bwalo. Ine ndinathawa, golovesi ili kudzanja.

Masiku atatu sindinauze munthu. Galimoto ikaima pansi pa windo, ndinkasuzumira kuti ndione ngati ndi apolisi. Ambulansi ikalira kumsewu waukulu ndinkati yanyamula Callum, apolisi ali m'mbuyo. Ndinalongedza zovala zanga m'jumbo n'kubisa kunsi kwa bedi. Amayi anaipeza posesa.

"Iwe Yamikani, ulendo wa kuti?"

Ndinaulula. Sanandimenye. Anakhala pabedi. Kenako anati, "Wavulaza mwana wa eni. Tikapepese."

Matimu onse ankasewera pabwalo limodzi. Loweruka lotsatira amayi anagula nkhuku yathunthu ya m'firiji, anavala yunifolomu ya kuntchito, tinakwera basi. Nkhuku inkandizizira pamiyendo. Titafika, ndinawalozera bambo ake a Callum. Amayi anapita molunjika, anagwada paudzu wonyowa anthu onse akuona, n'kupereka jumbo ya nkhuku ija ndi manja awiri.

Bambo aja anafiira nkhope. "Mayi, dzukani, chonde," anatero m'Chingerezi. "Ndi masewera awa. Mwana wanuyu ali ndi dzanja loponya bwino."

Callum anali pomwepo, akudya makirisipi, bwinobwino. Anasuzumira m'jumbo muja. "Nkhuku yonseyi ndi yanga? Undigendenso lero!"

Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Anadzuka, maondo a yunifolomu atada ndi matope.

Apolisi sanabwere. Koma dzanja langa linali litasintha. Ndikakweza bondo, ndinkaona amayi atagwada, mpira n'kupita kutali ndi womenya. Dennis ankakuwa, "Mkati, Yami! Mkati!" Ndinkagwedeza mutu n'kuponyanso kunja. Tsiku limene wosankha uja anabwera, anyamata anayi motsatizana analoledwa kudutsa ulere osamenya n'komwe, chifukwa mipira yanga yonse inali yosokera. Munthu uja anayamba kuyang'ana foni yake. Anatenga mnyamata wina.

Lero ndimanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Telford. Nthawi imene ija ndinkaganiza kuti amayi anagwada chifukwa mlandu wanga unali waukulu. Panalibe mlandu. Ndinadzakumbukira ndili wamkulu kuti Loweruka limenelo sanali pa shifiti. Yunifolomu ija anaivalira anthu aja, kuti aone kuti ndife ogwira ntchito, asatithamangitse. Ankaopa kuposa ine, ndipo analibe wowauza.

Mwana wanga akamatuluka ndi mpira, mawu a amayi aja amafika pakamwa panga. Ndimawameza, n'kuwerama kumanga nsapato.