Mawu anu pa kabaza wa ku Lungwena

Amalume, lero mwandiliza pamsewu. Ndakwera kabaza ku Lungwena, ndipo kawailesi komangirira pa handulo kanali kulankhula ndi mawu anu, mukuwerenga nthano yanu ija ya msodzi woopa madzi. Pompo ndakumbuka masana aja a mu Okutobala, pamene ndinakupezani mutadzifunditsa bulangete, foni ili m'manja, kuti kulira kwa mbuzi kusalowe m'mawu amene munkajambula. Munatulukamo thukuta lili kamukamu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Usilikali munaupirira, uphunzitsi munaupirira, geni ya utaka munaipirira, lero mufe ndi bulangete? Osindikiza mabuku anakukanani, bwanji osangopuma?" Inu munaseka n'kunena kuti, "Iwe, amayi oyanika usipa pa thandala aja manja awo ndi otanganidwa, koma makutu ali pa ulova. Ndikulembera iwowo." Munayamba kulemba imvi zili mbuu, ndipo simunadikire chilolezo cha munthu.

Wakabazayo akuti nthanoyo anaitenga kwa mnzake pa memori khadi, ndipo magawo onse amawadziwa pamtima. Kenako wadandaula kuti, "Koma madala amenewa ndi aulesi, asisi. Chaka chathunthu osatulutsa gawo lomaliza!" Aulesi, inuyo? Ndinafuna kumukalipira, koma ndinangomusiya. Sindinamuuze kuti tinakuikani m'manda ku Nkope chaka chatha. Ndangomuyankha kuti, "Apatseni nthawi, anayamba mochedwa."

Usani mumtendere, amalume. Kuno anthu akukudikirirabe.