Kanyenyezi kamene ndinakaona Lachinayi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo analengeza kuti kabungwe kena ka zaumoyo pa Boma kakufuna munthu wodziwa kompyuta. Ine ndinali nditangobwera kuchokera ku Limbe, komwe ndinaphunzirako kulemba mapulogalamu, ndipo ndinkangothandiza amayi m'munda wa chinangwa. Atanditenga ndinati Ambuye andikumbukira.

Bungwelo linkasunga mbiri ya amayi ndi ana a kusikelo pa seva, kompyuta yaikulu ya ku Blantyre. Kompyuta yathu ikafuna kanthu, inkatumiza pempho kudzera pa API, khomo limene pulogalamu imapemphera zinthu kwa inzake. Pempho lililonse limatchula magawo amene likufuna: dzina la mwana, dzina la mayi, mudzi, kulemera. Abwana athu, mayi Nakhumwa, anandipatsa kope lachikuto cholimba.

"Muziwerenga khodi ya pulogalamu yathu mzere ndi mzere," anatero. "Pempho lililonse mulembe likupempha chiyani, ndipo adzachiona ndani. Chimene sitikuchifuna tisachipemphe."

Wolemba khodiyo anali Limbani, wamsinkhu wanga womwe, koma wa digiri, wokulira mumzinda. Laputopu inalipo imodzi yokha, ndipo inali m'manja mwake. Alendo akabwera ankapita nawo kwa iye, ine n'kundidutsa ngati kabati. Chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti sanali munthu woipa. Ankandibweretsera zitumbuwa, n'kumanditchula kuti abusa chifukwa chotalikitsa pemphero la chakudya.

"Abusa, fupikitsani, tiyi akuzizira."

Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkafunsa Mulungu chifukwa chake nsembe ya mnzanga ikulandiridwa, pamene utsi wa yanga ukungokwawa pansi.

Lachinayi lina ndinapeza pempho latsopano, lokonzera mndandanda wa sikelo ya ku Nazombe. M'malo motchula magawo anayi aja, Limbani anangoika kanyenyezi kamodzi. Kanyenyezi m'khodi kamatanthauza kuti ndipatse zonse. Kale sikakanavuta. Koma mwezi womwewo a ku Blantyre anali atawonjezera gawo lina, la zotsatira za magazi a mayi, ndipo ndinali nditalilemba ndekha m'kope. Pulogalamu yathu inkasindikiza chilichonse chimene chabwera. Mapepalawo, odzipereka a kumudzi ankawakhoma pachitseko kuti mayi aliyense aone ngati mwana wake alipo.

Limbani anali atakhala pafupi nane, poti ndikanangomukodola. Ndinatseka kope. Lolemba kunali msonkhano wa ofesi yonse, ndipo ndinadziona nditaimirira, kope lili m'manja, iye atazyolika pamaso pa aliyense. Ndinadziuza kuti mapepala sapita mpaka sabata yamawa. Popita kunyumba ndinkaimba nyimbo ya kwaya njira yonse.

Lachisanu ndinachedwa chifukwa cha mvula. Ndinapeza pulinta ikadali yotentha.

"Za ku Nazombe zija?" ndinafunsa.

"Zapita kalekale pa kabaza," anayankha Limbani. "Sikelo aisintha, ili lero masana."

Mapepalawo iye sanawawerenge, anangowapinda n'kuwaika mu envulopu. Ndinamuonetsa kanyenyezi kaja, kenako gawo latsopano lija. Anatenga njinga yamoto ya ofesi, ine n'kukwera kumbuyo, nditakumbatira m'chiuno munthu amene dzulo lake ndinamukumbira dzenje.

"Pempherani abusa," anafuula tikuterereka m'matope. "Ulendo uno musafupikitse."

Wodzipereka wa kumeneko, mayi Nanthambwe, tinawapeza atakhala pakhonde la kanyumba ka sikelo. Envulopu inali yotsegula, nyundo ndi misomali zili pambali pawo. Amayi angapo anali atayamba kale kufika, ana kumsana.

"Sindinakhome, ana anga," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona mzere wakumapetowu ndinadziwa kuti si wapachitseko. Koma maso sabweza chimene aona. Wachisanu ndi chiwiriyu ndi mkazi wa mchimwene wanga. Mchimwene wangayo sakudziwa kanthu."

Anandilozera dzinalo ndi chala, ndipo ndinaliwerenga.

Titabwerera, Limbani sanadikire kufunsidwa. Anauza mayi Nakhumwa kuti kulakwa n'kwake, anachita ulesi. Iwo anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu munakaona liti?"

Ndikanatha kunena kuti m'mawa womwewo, ndipo palibe akanadziwa kupatula Iye amene amaona zobisika.

"Dzulo, mayi."

"Dzulo. Ndiye munkadikira chiyani?"

Sanafunsenso kachiwiri. Limbani anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula laputopu, anafufuta kanyenyezi n'kulemba magawo anayi, limodzi limodzi. Mayi Nakhumwa sanandichotse ntchito. Anangoti, "Mnzanuyu walakwa ndi chala. Inu mukadzifunse kuti mwalakwa ndi chiyani."

Ndikadali pa ntchito yamtunduwu mpaka lero. Pempho losatchula magawo ake sindililola kudutsa, ngakhale lilembedwe ndi katswiri wotani, ndipo ndikaona cholakwika ndimamuuza mwini wake ola lomwelo, tili awiri. Ndinaphunzira kuti kuseri kwa gawo lililonse kuli munthu, ndipo nsanje ikati ikanthe mnzako, kawirikawiri imagwetsa wina amene sanakulakwire.

Zimene zinachitika m'banja lija la ku Nazombe sindikuzidziwa, ndipo ndilibe ufulu wofunsa. Mayi uja sindinamuonepo nkhope. Ndimangomupempherera pomutchula dzina, dzina limene sindinayenere kulidziwa.