Chifuwa Chosatsokomola

Nditangomaliza mayeso a Fomu 4, azakhali anga anamva kutchalitchi kuti kachipatala kena kufupi ndi Nkando kakufuna munthu wothandiza patebulo lolembera odwala. Ndinapita Lolemba m'mawa nditavala siketi ya yunifomu, poti ndi yokhayo inkaoneka yaulemu. Anesi aakulu, mayi Nakoma, anayang'ana kalata yanga n'kunena kuti, "Umalemba zowerengeka. Yamba lero."

Wodwala akafika ndinkalandira kabuku kake ka chipatala, kumukweza pa sikelo, kumuyeza kutentha kwa thupi, kenako kulemba deti ndi chomwe chikumuvuta. Lamulo limodzi mayi Nakoma anandibwerezera katatu: aliyense wa chifuwa apatsidwe masiki ndi kabotolo ka makhololo, akakhale pa benchi yapanja pansi pa mtengo wa mango, asasakanikirane ndi ana. Ndinalilemba m'kope langa la tsiku ndi tsiku, momwe ndinkalembanso kawirikawiri kuti ndidzakhala namwino zivute zitani.

Tsiku lomwe sindiliiwala linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pamzere panali bambo wina atavala jekete, zipi mpaka m'khosi, thukuta kamukamu. Ndiwatchula bambo Muhiwa, koma si dzina lawo. Anali kapitawo ku esiteti ya tiyi.

"Chikukuvutani n'chiyani, bambo?" ndinafunsa.

Anacheukira amayi omwe anali kumbuyo kwawo, ndipo anayankha chapansipansi. "Pachifuwa apa."

Ine ndinangomva chifuwa. Ndinalemba kuti akutsokomola, n'kuwapatsa masiki ndi kabotolo, n'kuwalozera kumango. Ndinadziona wachangu kwambiri.

Patatha pafupifupi ola anabwera n'kuika kabotolo patebulo, muli mbee. "Mwana wanga, ine sinditsokomola. Basi, ndidzabwera tsiku lina." Anatuluka osatenganso kabuku kawo. Akutsika masitepe ndinaona kuti mapazi awo atupa, malamba a patapata alowa m'mnofu.

Ndinatsegula kabukuko. Masamba am'mbuyo ankasonyeza kuti ali ndi vuto la mtima, ndipo mwezi wathawo sanabwere kudzatenga mankhwala. Sikelo yanga inasonyeza kuti alemera kuposa ulendo watha. Ndinali ndisanaphunzire zambiri, koma ndinadziwa kuti munthu wa mtima wotupa mapazi sayenera kubwerera kwawo chimanjamanja. Ndipo "tsiku lina" lija ndinalimva bwino, silinali loti lidzafika.

Ndinapempha mlonda kuti ayang'anire tebulo, n'kuthamangira kumsewu. Ndinawapeza akudikira minibasi.

"Bambo, wolakwa ndine. Inu munati pachifuwa, ine ndalemba chifuwa."

"Nanga ukanalemba chiyani? Iweyo ndiwe msinkhu wa mwana wanga womaliza. Si nkhani youza mwana."

"Musandiuze ine. Kuli adokotala aamuna, ndikulowetsani khomo lakumbuyo."

Kenako analankhula akuyang'ana phiri, osati ine. "Ndi mawere. Akukula ngati a namwali, nsonga zake zikupweteka ngakhale kukhudza malaya. Azimayi othyola tiyi anayamba kale, akuti a kapitawo tikugulireni kamisolo pa Nkando? Zinayamba ndi mapilitsi anu aja, ndiye ndinawasiya. Bola kutupa mapazi, zimenezo palibe amaseka."

Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. "Tiyeni madala, mpando ulipo." Bambo Muhiwa anaponda phazi limodzi pakhomo. Ine kabuku kawo ndinakagwira ndi manja awiri.

"Ndipatse bukulo."

"Ndikupatsani, bambo, koma mukalandirire m'chipinda cha adokotala. Mukakana ndikupatsani pompano, ndi lanu. Koma ndikupempha."

Kondakitala anati, "Achemwali, mukwera kapena mukulalikira?" Bambo Muhiwa anaseka pang'ono, n'kutsitsa phazi lija. Minibasi inapita.

Anakhalitsa kwa adokotala. Mayi Nakoma anandikalipira chifukwa chosiya tebulo m'manja mwa mlonda, ndipo sanalakwitse. Atatha, anandiitanira kwa adokotalawo kuti ndimve ndekha zomwe ndinatsala pang'ono kuphonya.

Adokotala anandifotokozera kuti mwamuna aliyense ali ndi timadzi ta m'thupi tachimuna ndi tachikazi pang'ono, ndipo timadziti tikasiya kulingana mawere amatha kutupa. Zimachitika kwa achinyamata akamakula, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Zimachitikanso kwa achikulire, kwa onenepa kwambiri, kwa omwe chiwindi chawonongeka ndi mowa, ndiponso chifukwa cha mankhwala ena, monga amodzi mwa omwe bambowa ankamwa. Chotupa chikakhala cholimba, mbali imodzi, kapena nsonga ikamatuluka magazi, munthu ayezedwe msanga poti khansa ya bere imagwiranso amuna, ngakhale si kawirikawiri.

"Awa tawasinthira mankhwala," anatero adokotala. "Choopsa sichinali mawerewo ayi, koma kusiya mankhwala mwakachetechete."

Bambo Muhiwa anabweranso mwezi wotsatira, tsiku lenileni lomwe anawalembera. Jekete anavalabe, koma kumapazi kunali nsapato zomanga zingwe. Atakwera sikelo anandifunsa kuti, "Lero ulemba chiyani, anamwino?" Ndinati ndilemba zomwe anene iwo.

Panopa ndikudikira mayankho a kusukulu ya unamwino, ndipo tebulo lija ndikadali nalo. Ndinalisuntha pang'ono kuti litalikirane ndi mzere. Munthu akati chifuwa, cholembera ndimayamba ndachiika pansi, n'kufunsa motsitsa mawu: "Mukutsokomola, kapena pali china pachifuwapo?"