Nkhanu Yomwe Anaitcha Chiwanda

Maganizo oweta zamoyo za m'nyanja m'nyumba anali a amuna anga, ngakhale masiku ano safuna kuti ndiziwakumbutsa. Chilimwe china tonse tinapeza tchuthi sabata imodzi, chinthu chosowa kwa anthu a mashifiti, ndipo tinakwera sitima kupita kugombe la ku Kent. Tinapeza madzi ataphwera, pakati pa miyala patatsala timaiwe. Ndisanaphunzire unesi ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale kwathu, koma zambiri zimene ndinkajambulira ana pa bolodi ndinali ndisanazionepo ndi maso anga. Ndinagwada pamenepo mpaka thalauza kunyowa.

"Bwanji osatengako tikawete kunyumba?" anatero amuna anga.

Tinagula thanki yagalasi yakale ndi kapampu kopopera mpweya. Zamoyo za kugombe la kuno zimafuna madzi ozizira, ndiye hita yotenthetsa madzi sinafunike. Tinaika thankiyo mukhonde la fulati yathu ku Thamesmead, pafupi ndi chitseko, pomwe dzuwa silifika ndiponso pomwe kumazizira chaka chonse. Tinabwerera kugombe kawiri. Ulendo woyamba tinakatenga mchenga, miyala ya ndere ndi madzi m'zigubu, amuna anga akudandaula mapewa njira yonse ya sitima ndi basi. Patapita milungu itatu, madzi atakhazikika, tinakatenga eni nyumba: nkhono zisanu ndi imodzi zodya ndere, tizilombo toonekera m'kati tonga ziwala za m'madzi, nkhanu yaing'ono imodzi yokha chifukwa ziwiri zimaphana, ndi tinyama tiwiri tofiira tomata pamwala, totambasuka ngati maluwa, tomwe kuno amati anemone.

Ndinalemba mzere pagalasi. Madzi akatsika ndinkawonjezera opanda mchere, chifukwa mcherewo sumauluka. Tsiku lina ndinaona nkhanu itagona chagada ndipo ndinayamba kuilira, koma amuna anga analoza pansi pa mwala. Inali moyo, yangofundula. Tinaseka mpaka a fulati yoyandikana ndi yathu kugogoda khoma.

Nyengo yozizira yachiwiri amuna anga anagwa ndi sitiroko. Mbali yakumanzere inafa ndipo lilime linalemera. Atatuluka m'chipatala, alongo awo aakulu anayamba kubwera kuchokera ku Wembley masiku amene ndinali kuntchito. Apa ndisaname: mayiwo ankakwera sitima ziwiri ndi basi, ankaphika, ankachapa, osadandaula. Popanda iwo ndikanasiya ntchito.

Tsiku lina anandipeza ndikudyetsa zamoyo za m'thanki zija. Ndinaika kanyenyeswa ka nsomba pa anemone, iko n'kutseka timanja take n'kumeza.

"Alamu, duwa limadya nyama?"

"Si duwa, alamu. Ndi kanyama."

"Kanyama kopanda maso, kopanda miyendo." Anabwerera m'mbuyo. "Zinthuzi zinalowa liti m'nyumba muno?"

Ndinawauza. Anawerenga miyezi ndi zala, kenako anayang'ana kuchipinda komwe kunagona mlongo wawo.

"Inu simudziwa za mizimu ya m'madzi? Mwakatenga zinthu pansi pa nyanja n'kuziika pakhomo penipeni. Zaka khumi mulibe mwana, lero mwamuna wagwa, ndiye mukuzidyetsanso?"

"Mwana tinalibe thankiyi isanabwere," ndinatero. "Ndipo achimwene anu akhala ndi BP kuyambira kalekale, mankhwala osamwa."

"Sukulu imeneyo ndi imene imakupusitsani."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Lachinayi lotsatira ndinali shifiti ya m'mawa, ndipo ndinafika kunyumba cha m'ma folo koloko. Pa masitepe ndinamva fungo la nyanja losakanikirana ndi la jiki. Mukhonde munangotsala tebulo lonyowa. Pabalaza panali alamu ndi amayi atatu a kutchalitchi kwathu, akumwa tiyi m'makapu anga. Thanki inali m'bafa, itagonekedwa cham'mbali, yotsukidwa bwinobwino.

"Zili kuti?"

"Zapita, alamu," anatero. "Tapemphera kuyambira teni koloko. Nyumba yamasuka."

Mmodzi wa amayiwo, mayi wachikulire amene ndinkamulemekeza, anandigwira dzanja. "Mwana wanga, chinkhanu chija chinaimirira n'kutiloza ndi zala zake. Chinthu wamba sichichita choncho."

Ndinatsika kumabini aakulu a zinyalala a pansi ndili mu yunifolomu. Ndinatsegula matumba a anthu ena anayi ndisanapeze lathu. Anali atathiramo jiki. Ndere zinali zitayera, anemone atasanduka mamina, nkhanu itathyoka mwendo. Nkhono imodzi ndinakaitsuka pampopi n'kuiika m'kapu, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda pake.

Alendo atapita ndinalowa kuchipinda. Sindinakuwe, chifukwa wodwala sakalipiridwa.

"Inu munali pompano. Munawalola?"

Anavutika kutulutsa mawu. "Ndinati ayi. Kawiri."

"Kenako?"

"Ndinatopa." Anayang'ana dzanja lawo lakufalo. "Komanso mayi, ndani akudziwa?"

Za alamu ndikanazipirira. Koma mawu amenewo anachokera kwa munthu amene anasenza zigubu zija ndi mapewa ake. Ndinamvetsa kuti munthu wamantha amagwira chilichonse chomwe wapatsidwa, ndimaona zimenezo muwodi tsiku ndi tsiku. Kumvetsako sikunandichotsere kuwawa.

Miyezi yotsatira inali ya fiziyo. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawapinda mwendo ndi kuuwongola, kuwafinyitsa mpira, kuwayendetsa kuchokera pabedi kufika pachitseko, iwo akutukwana, ine ndikuwerenga masitepe. Mankhwala ndinkawaimirira mpaka ameze. Pofika chilimwe anatsika okha kukafika pamalo okwerera basi, atagwira ndodo.

Ku tchalitchi chija ndinali nditasiya kupitako. Lamlungu lina mnzanga wa kuntchito ananditumizira vidiyo pafoni. Alamu anali kutsogolo atagwira maikolofoni, akuchitira umboni kuti kuyambira tsiku limene anachotsa ziwanda za m'madzi m'nyumba ya mlongo wawo, mlongoyo anayamba kuchira. Sananditchule dzina, anangoti "amene anazibweretsa anachita mosadziwa, timukhululukire." Anthu anaimirira akuwomba m'manja. Kenako anaitana amuna anga, ndipo anayenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo, atavala jekete imene ndinawasitira m'mawa womwewo. Anali atandiuza kuti akungopita kukathokoza Mulungu.

Atabwerako ndinawaonetsa foniyo. Anati sakanachititsa manyazi alongo awo pagulu, ndipo anandipempha kuti nkhaniyi ithe.

Alamu amabwerabe mwezi ndi mwezi. Ndimawalandira, ndimawaphikira, timafunsana za moyo. Koma kiyi wa nyumba, amene ankatsegulira ine ndili kuntchito, ndinawalanda tsiku lomwelo la vidiyo, ndipo amuna anga atandipempha pa Khirisimasi kuti ndiwabwezere, ndinakana.