Ababa ndi madesiki a Sitandade 5

Dzulo ndikudikira minibasi pa Chileka, munthu wina amadula chitsulo ndi galayinda pafupi nane. Fungo la chitsulo chopsa lija linandibwezera ku Lirangwe, ndili Sitandade 5.

Madesiki a m'kalasi mwathu anali owotcherera awiriawiri, ndipo ahedi anafuna kuwalekanitsa. Amene anaitanidwa anali ababa. Anabwera ndi ovolosi yawo yobookabooka ndi moto, nsapato imodzi atamanga ndi waya. Anagwada pakhonde n'kuyamba kupala ndi galayinda yawo timadontho tachitsulo tolumikiza miyendo ya madesikiwo, kamodzikamodzi.

Pa buleki tinawazungulira. Mtsikana wina, amene bambo ake ankagwira ntchito kubwalo la ndege, anatseka mphuno. Ine ndinkafunitsitsa kukhala mnzake.

"Akuti amenewa ndi bambo ako?" anandikuwira m'khutu chifukwa cha phokoso.

Nanenso ndinakuwa, "Ayi! Sindikuwadziwa ine!"

Osadziwa kuti magetsi azima nthawi yomweyo. Galayinda inangoti zii, mawu angawo n'kumveka khonde lonse.

Ababa anakweza magalasi awo n'kundiyang'ana, maso ali psuu ndi utsi. Sanakalipe. M'thumba lapachifuwa munkasuzumira kapepala kamafuta, ka mandasi amene ankakonda kundisungira. Anatembenukira kwa mtsikana uja.

"Tandipatsireko hamala iyo, mwanawe."

Anaika tchizulo pakadontho kotsala n'kuyamba kukhoma. Ine ndinangoima pomwepo, kumvetsera kho, kho, kho, mpaka desikiyo inalekana ndi inzake.